Tiyi amene a Falesi anakana kulawa

Pamsika wathu wa Loweruka, m'mbali mwa mseu wotsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi, malo abwino kuposa onse ali pansi pa mtengo wa mthethe, pomwe pamaima malole ndi a kabaza. Ine ndimagulitsa makapu, mabeseni ndi mbale za pulasitiki pafupi pomwepo, ndipo ndinawerengapo: mwa anthu khumi otsika galimoto, asanu ndi awiri amadutsa pansi pa mtengowo. Malowo ndi a mayi Falesi, amene ambiri timawatchula kuti amake Pilirani. Mu Okutobala chaka chatha anatsala pang'ono kulandidwa malowo chifukwa chokana kulawa tiyi wophika okha.

A Falesi si akuno. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera pa lole mu 2008, iwo ndi amuna awo a Vinsenti, mwana ali m'manja, kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Madisi. Anasoka fodya zaka khumi ndi chimodzi. A Vinsenti atamwalira, kapitawo anawauza kuti nyumba za pa esiteti ndi za mabanja okhala ndi mwamuna wogwira khasu. Abale anatumiza uthenga woti abwerere kumudzi, iwo anakana. Munda wa amayi awo unali utagawidwa kale kwa ana asanu ndi mmodzi.

"Ndikalime pakhonde?" anawayankha choncho pafoni.

Anapempha kamalo kotsetsereka kuseri kwa msika wathu, kamiyala, komwe eni ake ankati chimanga sichichita, nabzalapo chinangwa. Kuno kwathu chinangwa timachiona ngati chotafuna poyenda, kapena chakudya cha chaka cha njala, ndiye anthu ankangoti atenantiwa asokonezeka. Pansi pa mthethe paja nthawi imeneyo panali potayira makoko a nthochi. Anasesapo okha, anaika thabwa pa njerwa, nayamba kugulitsa chinangwa chophika ndi tiyi wamba.

Timibulu tinabwera mu 2023. Pilirani, mwana wawo uja, anapeza ntchito yotsuka ziwiya m'shopu ina ku Lilongwe yogulitsa tiyi wozizira wa mkaka, wokhala ndi timibulu takuda pansi pa kapu, amene achinyamata a m'tauni amayamwa ndi kapaipi kakakulu. Amayi ake atapita kukamuona, iye anawagulira kapu imodzi. A Falesi anatafuna kam'bulu kamodzi, natafuna kachiwiri.

"Ichi ndi chinangwa."

"Amayi, chonde musandichititse manyazi. Izi zimabwera pa ndege, m'mapaketi."

"Chibwere pa ndege, chibwere pa njinga, ndi chinangwa. Ine ndakula ndi makaka, iwe."

Pilirani anakafunsa wophika wa m'shopumo. Wophikayo anavomera kuti ufa wake ndi wa chinangwadi.

Atabwerera kuno, a Falesi analephera kasanu ndi kawiri. Katatu koyamba anagwiritsa ntchito ufa wa makaka, chinangwa choyanika padzuwa, ndipo timibulu tonse tinasungunuka m'poto n'kusanduka phala lotuwa. Kenako anakumbukira kuti pa esiteti paja akazi a manijala ankawatuma kupanga sitachi yolimbitsira makolala a malaya, yochokera ku madzi ofinya m'chinangwa chachiwisi. Anapanga, napeza ufa woyera mbee, wolira tswii ukaupekesa pakati pa zala. Koma ufawo unali wamakani. Akauthira madzi ozizira, pofinya unkalimba ngati mwala, potambasula dzanja unkayenderera ngati mkaka. Anayesa kanayi. Tsiku lachisanu ndi chitatu anakwiya, natenga madzi owira a mu ketulo n'kukhuthulira momwemo kuti bola aphike phala ufa usatayike. Ufa unagwirana nthawi yomweyo, n'kumakandika bwinobwino.

Kapaipi analibe, ndiye anatsikira kudambo kukadula bango pakati pa mfundo ndi mfundo, n'kuliwiritsa. Makapu a zivindikiro anagula kwa ine. Loweruka loyamba anagulitsa makapu asanu ndi anayi. Patatha miyezi itatu ankafika makumi asanu ndi limodzi, ndipo ana asukulu ankachita kupikisana kuti wapeza timibulu tingati, chikhalirecho a Falesi amaika makumi awiri ndi tisanu m'kapu iliyonse, osaposa, osachepera. Anthu ochokera ku Dzoole ankafika pa njinga kudzangoona tiyi wotafuna.

Vuto linayamba ndi a Susana, amene amagulitsa thobwa ndi zitumbuwa kumunsi kwa msika, pafupi ndi opha mbuzi, komwe kuli fumbi ndi ntchentche. Amuna awo a Festus ndi a kabaza, ndipo amaima pansi pa mthethe tsiku lonse. A Festus anasiya thobwa. Ankamwa makapu awiri a tiyi wa timibulu Loweruka lililonse, nkumautama mokweza ngati alipidwa.

Loweruka lina dzuwa lili pamutu, a Susana anakwera mtunda, manja ali m'chiuno.

"Amake Pilirani, tizinthu takudati n'chiyani kodi? Mbuzi yanu imagona mu ketulo?"

A kabaza anaseka. A Falesi sanakweze ndi mutu womwe.

"Mbuzi yanga imadya shuga, asisi. Ndikuthirireni?"

"Muthirire amuna a eni, monga mwazolowera. Munthu wakula ndi thobwa, lero akuti thobwa amamutupitsa mimba. Mumaikamo chiyani?"

"Chinangwa."

"Chinangwa chakuda? Tonse timachidziwa chinangwa." A Susana anatenga kapu yomwe inali itathiridwa kale, naikweza kuti onse aione. "Ngati mulibe kanthu, lawani tione. Kuno wopereka chakumwa amayamba ndi iye."

Apa a Susana sananame. Kuno ukafika pakhomo pa munthu nakupatsa chikho cha thobwa, mwini wake amayamba wamwako pang'ono iwe ukuona, kenako n'kukupatsa. Pamsika sitichita zimenezo, koma munthu akakupempha pamaso pa anthu, umalawa basi. Wokana amakhala ngati wavomera mlandu. Tonse tinadikira kuti a Falesi amwe, nkhani ithe, tizigulitsa.

"Ine ndimagulitsa, sindichereza," anatero a Falesi. "Wofuna agule, wosafuna adutse. Bwezani kapu yanga."

Mayi wina amene anali atagulira mwana wake analanda kapu kukamwa kwa mwanayo n'kukhuthulira pansi.

Sabata imeneyo nkhani inayenda kuposa a kabaza. Ena ankati timibulu ndi kondaine. Ena ankati ndi mankhwala okokera makasitomala, ochokera kwawo kumalire. Panapezekanso okumbukira kuti chiyambire sanawaonepo a Falesi akumwa tiyi wawo. Loweruka lotsatira makapu anatsika kuchoka pa makumi asanu ndi limodzi kufika pa khumi ndi anayi, ndipo ogulawo anali alendo a pa lole osadziwa kanthu.

Madzulo a tsikulo kunabwera a Solomoni, wapampando wa komiti ya msika. A Solomoni amagulitsa makasu ndi zipangizo za njinga, ndipo ndi munthu wodana ndi phokoso. Akaona anthu akukangana amayamba kupukuta magalasi awo.

"Mayi, ine ndilibe nanu mawu," anatero. "Koma anthu adandaula. Komiti yagwirizana kuti Loweruka likubwerali mulawe tiyi wanu pamaso pa onse. Mukakana, malo ano tipereka kwa wina, inu mutsikire kumunsi."

"Wina wake ndani?"

A Solomoni anapukuta magalasi. "A Susana anapempha."

"Pomwe panali makoko a nthochi sanapemphe bwanji?"

"Mayi, kulawa kokha. Kamodzi."

"Ndamva, bambo," anatero a Falesi, napitiriza kutsuka poto.

Ine zinandipweteka. Kumunsi kuja ndinawerengakonso: mwa anthu khumi amafikako awiri, ndipo palibe amene angamwe za mkaka pakati pa ntchentche. Lamulungu masana ndinakwera kwawo. Ndinawapeza akudula bango pakhonde.

"Mayi, bwanji osangomwa? Mukutaya malo chifukwa cha supuni imodzi ya tiyi?"

"Khala pansi, Takondwa."

Analowa m'nyumba natuluka ndi buku lawo la kuchipatala, lokutidwa ndi pepala la shuga. Anatsegula tsamba lina n'kundipatsa. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, atayamba kumva ludzu losatha ndi chizungulire, anapita kuchipatala ku Madisi, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga. Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso tiyi wawo. Timibulu ankatiyesa ndi zala ndi wotchi ya pafoni. Sanauze munthu aliyense, ngakhale Pilirani.

Izi ndikulemba atandiloleza. Nditawafunsa mwezi watha anati, "Lemba. Ndikunena ine, pa tsiku langa, osati pa tsiku lawo."

Koma Lamulungu limenelo ine ndinalimbikirabe. "Kamodzi kokha sikangakupheni."

"Iwe umakonda kuwerenga, werenga. Ndikalawa Loweruka, munthu aliyense wobwera pambuyo pake adzati lawani kaye. Makapu makumi asanu ndi limodzi, supuni imodzi imodzi. Ndi tiyi wochuluka bwanji?"

Ndinawerenga mumtima. "Pafupifupi makapu atatu."

"Loweruka lililonse. Ufuna undiike m'manda ndi supuni?"

"Ndiye auzeni zoona. Aonetseni bukuli."

Anandilanda bukulo n'kulitseka. "Pa esiteti kapitawo ankadziwa zonse za ine. Ndikadwala, ndikafotokoze pa mzere anthu akumva. Ndikakhala ndi pakati, alembe. Zaka khumi ndi chimodzi thupi langa linali nkhani ya mu ofesi. Lero ndikaime pansi pa mtengo ndinasesa ndekha, ndiziyala matenda anga kuti Susana akhute? Ndipo ukuganiza atamva adzati pepani? Adzati tiyi wake yemweyo ndi amene wamudwalitsa."

"Nanga mutani?"

"Akufuna kudziwa zomwe zili mu tiyi. Abwere adzapange okha."

Ndinaimirira. "Mayi, ayi! Mukawaonetsa, mwezi usanathe ogulitsa adzakhala asanu. Munavutika kasanu ndi kawiri, iwo adzatola tsiku limodzi."

"Atole. Cha chinangwa chipite, cha thupi langa chitsale."

Apa sindinalakwitse kwambiri: lero ogulitsa tiyi wa timibulu pamsika wathu alipo anayi, ndipo timibulu ta a Susana, kunena zoona, ndi tabwino.

Lolemba a Falesi anapita kwa a Solomoni. Anawauza kuti abwere kwawo Lachiwiri m'mawa pamodzi ndi a Susana, ndipo abweretse zawo: khasu, mipeni, ndowa, nsalu yosefera. A Susana anavomera msanga, koma anati nanenso ndikhalepo chifukwa makapu ndi anga, mwina kanthuko kamakhala m'makapu. Ndinapita ndi makapu osatsegula, a m'pepala mwake.

Titafika, tinapeza a Falesi atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa papaya, manja atawakulunga m'chitenje.

"Lero ine sindikhudza kanthu," anatero. "Pakamwa pokha. Bambo tcheya, munda ndi uwo. Sankhani phata lomwe mukufuna."

A Solomoni anakumba mapata atatu, thukuta lili kamukamu, magalasi akutsetsereka pamphuno. A Susana anakatunga madzi kumjigo ndi ndowa yawo. Anasenda, natsuka kawiri. A Falesi analoza ndi chibwano chitini chobowolabowola ndi msomali.

"Chimenecho ndi changa, ndiye muchitsuke kaye mpaka mtima wanu ukhale pansi. Mukatero mukwecherepo chinangwa chonse."

A Susana anachitsuka ndi mchenga, nachinunkhiza, nachiyang'ana padzuwa. A Solomoni anayamba kukwecha, ndipo sipanapite mphindi zisanu anadzikwecha chala.

"Mayo! Chimaluma chinthuchi."

"Mangani chalacho, bambo, magazi asagweremo. Angadzati ndaikamo a tcheya."

Ngakhale a Susana anaseka, kenako anakumbukira kuti akwiya.

Zokwechazo anazithira madzi, nazifinya m'nsalu ya a Susana mpaka kutsala zinyalala zouma. M'beseni munatsala madzi oyera ngati mkaka.

"Ndiye?" anafunsa a Susana.

"Ndiye tikhale. Maola atatu, madzi adikhe. Beseni lisakhudzidwe."

"Maola atatu? Ine ndili ndi chimera choti ndikayanike."

"Pitani, asisi. Koma mukachoka, musadzanene kuti ndinathira kanthu muli kwina."

A Susana anakhala. Anakokera mpando pafupi ndi beseni n'kumaliyang'anira ngati lingathawe. A Solomoni anagona tulo atatsamira khoma. Nkhuku ikayandikira, a Susana ankaithamangitsa okha. Nthawi itakwana, anakhuthula madzi a pamwamba pang'onopang'ono monga anauzidwira, ndipo pansi pa beseni panatsala choyera cholimba, chokhuthala ngati chala.

"Chimenecho chifunika dzuwa la masiku awiri," anatero a Falesi. "Chisagone pano. Bambo tcheya, kachiyanikeni kwanu. Lachinayi mubwere nacho, ndi shuga wabulauni, masamba a tiyi ndi mkaka. Mugule kumene mukufuna."

A Solomoni ananyamula beseni pa njinga. Akazi awo anandiuza pambuyo pake kuti masiku awiri amenewo bambo sanatsegule benchi yawo ya makasu, ankangokhala pabwalo ndi kamtengo m'manja, kulondera lichero loyanikapo ufawo.

Lachinayi tinakumananso. Ufa unali utauma, woyera mbee, wokwana makapu anayi ndi theka. A Falesi anakhala pa mpando womwe uja, manja m'chitenje.

"Asisi, yatsani mbaula. Shuga theka la kapu, m'poto wouma. Musathire madzi. Dikirani."

Shuga anayamba kusungunuka, nafiira, nada, fungo lake n'kufika mpaka kumseu.

"Akupserera!" anakuwa a Susana.

"Ndiye kuda kwake kumeneko. Mankhwala anu aja ndi amenewo. Thirani madzi, kapu imodzi yosadzaza, pang'onopang'ono, angakuthovukireni."

Madzi a shuga atawira, anauza a Susana kuti aphule poto n'kuthiramo masupuni awiri a ufa ndi kutakasa msanga. Zinasanduka ulimbo. Kenako ufa wotsala, makapu awiri, ndi kukanda zikadali zotentha. A Susana anafuna kuthira madzi ozizira kuti manja asapse.

"Mukathira amenewo mwataya masiku awiri a a tcheya."

"Musathire, mayi!" anatero a Solomoni, mawu ali m'mwamba.

Anakanda mpaka mtanda unasalala. Anaupota m'zingwe zochepa ngati pensulo, naduladula, ndipo onse awiri anakhala pamphasa kubulungiza timibulu. Ta a Susana tinkatuluka tofanana, manja a munthu wa zitumbuwa. Ta a Solomoni tina tinali ngati nzama, tina ngati mazira a njiwa. Ine ndinawerenga mazana atatu ndi makumi anayi, ndipo zinawatengera ola limodzi ndi mphindi khumi.

"Loweruka lililonse mumabulungiza tingati?" anafunsa a Solomoni akudziwongola msana.

"Funsani Takondwa."

"Chikwi chimodzi ndi mazana asanu," ndinayankha.

A Solomoni anaimba kamluzu.

Timibuluto anatiponya m'madzi owira ambiri, natakasa kuti tisamatirire pansi. Titayandama, mphindi makumi awiri pamoto, kenako makumi awiri ena poto atavindikira pambali. Anatitsuka m'madzi ozizira n'kutiviika m'madzi a shuga. Tiyi wa mkaka anali ataphikidwa kale ndi a Susana n'kuzizira mumtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Ndinang'amba pepala la makapu iwo akuona. A Susana anathira timibulu, nathira tiyi, naimirira ndi kapu n'kupita nayo kwa a Falesi.

"Eya. Lawani tsopano."

A Falesi anayang'ana kapuyo, manja osatulutsa.

"Wakumba ndani?"

"A tcheya."

"Wafinya ndani, wakanda ndani, wathira m'kapu ndani? Munati kuno wopereka amayamba ndi iye. Mwambo ndi wanu, asisi, ine ndine wobwera. Yambani."

A Susana anatembenukira kwa a Solomoni. A Solomoni anali atavula kale magalasi.

"Akunena zoona, mayi. Mwathira ndinu."

A Susana anaika bango kukamwa mokhala ngati akumwa mankhwala a malungo. Anayamwa. Kam'bulu kanakwera n'kuwadzidzimutsa. Anatafuna nthawi yaitali, nayamwanso. A Solomoni anadzithirira okha, namaliza kapu yonse, n'kumapendeketsa kusaka timibulu totsala.

"Chabwino," anatero a Susana akupukuta pakamwa. "Izi tapanga ife. Nanga za Loweruka, zomwe mumapanga muli nokha, tidziwa bwanji?"

Funsolo linali loona.

"Simudziwa," anayankha a Falesi. "Ngati mmene ine sindidziwira za mu thobwa wanu. Koma tsopano mwaphunzira. Kawapangireni a Festus kunyumba, makapu awiri awiri monga amakondera. Akabwerabe kwa ine, mudzabwere ndi mlandu, ndidzaumva."

"Komabe mayi," anatero a Solomoni mofatsa, "bwanji simulawa? Tingoti pano, tili anayi."

"Chifukwa sindikufuna."

"Komiti inanena kuti..."

"Komiti ilembe lamulo, likhale la tonse. A Susana alawe chikho chilichonse cha thobwa. Opha mbuzi atafune kaye yaiwisi. A Elisha ogulitsa mankhwala a makoswe nawonso alawe. Tsiku limenelo ine ndidzaima pa mzere. Koma lamulo la munthu mmodzi, la mtenanti yekha, ayi. Mwabwera pakhomo panga, mwakumba munda wanga, mwaona zonse. Chotsala ndi cha ine mwini. Loweruka mudzandipeza pansi pa mtengo. Ngati mukundichotsa, mudzanyamule thabwa ndi manja anu omwewo."

A Solomoni anavala magalasi, nawavulanso. "Ndikakamba ndi anzanga," anatero. A Susana anakulunga timibulu totsala m'pepala, osapempha, natsika phiri.

Lachisanu lonse sitinamve kanthu. Loweruka ndinafika m'mamawa kuti ndione. A Falesi anali atafika kale, atasesa, thabwa lili pa njerwa, mtsuko uli pamthunzi. Anali ataphika makapu makumi asanu ndi limodzi, ngati kuti sipanachitike kanthu.

"Mayi, bwanji osaphika theka?"

"Iwe gulitsa mabeseni."

Mpaka cha m'ma teni anali atagulitsa makapu atatu okha. Anthu ankadutsa chapatali, ena ankaima kutsidya kwa mseu kudikira zoti aone. A Festus anali pa njinga yawo, maso pansi, osayandikira. A Susana anali kumunsi, koma khosi linali kuno.

Lole ya ku Mponela itangoima, msika utadzaza, a Solomoni anatulukira ndi anzawo awiri a komiti. Anthu anasiya zogula n'kuzungulira mtengo. A Falesi anaimirira, napukuta manja, naima kutsogolo kwa thabwa lawo.

"Ndithirireni kapu imodzi, mayi," anatero a Solomoni.

A Falesi anawerenga timibulu makumi awiri ndi tisanu, nathira tiyi, nabaya bango pa chivindikiro. Anapereka ndi manja awiri, osalawa. Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ayambe iwowo!" A Solomoni sanatembenuke. Anayamwa, natafuna, nameza anthu onse akuona. Kenako anakweza chala chomanga ndi kansanza.

"Tiyi uyu ndamupangapo ine ndi manja awa. Muli chinangwa, shuga, masamba ndi mkaka, ndi msana wowawa. Pamsika pano palibe lamulo loti wogulitsa alawe. Wosafuna asagule. Malo ano ndi a amake Pilirani."

Ena anang'ung'udza, ena anabalalika. Sikuti onse anakhulupirira. Alipo mpaka lero amene sayandikira. Koma atsikana awiri a sekondale anakankhana n'kuima kumbuyo kwa a Solomoni, kenako bambo wina wotsika pa lole, kenako a kabaza atatu. Tsikulo anathera pa makapu makumi atatu ndi imodzi.

A Solomoni anali ataimabe pomwepo, kapu ili m'manja, akuoneka kuti akudikira mawu othokoza. A Falesi anasuzumira kumbuyo kwawo.

"Bambo tcheya, mwamaliza? Tasunthani pang'ono, mukutchinga anthu."